Manotsi a nyimbo akale a ku America: ndisunge kapena nditenthe?

FUNSO: Ndimakhala ku Indiana. Nditagula piyano yakale, ndinapeza mulu wa mapepala a nyimbo m'kati mwa mpando wake, ena a 1912, ena a 1921. Kodi ndingapezepo ndalama? Ena pachikuto pali zithunzi zonyoza anthu akuda, moti mtima ukundiuza kuti ndingowatentha. Mayi wa ku Indiana

YANKHO: Mayi, machesiwo ayambe abwerera m'thumba.

Za ndalama ndisakunamizeni, ambiri mwa mapepala amenewa amagulidwa ndi madola owerengeka chabe, chifukwa anasindikizidwa ochuluka zedi. Wailesi isanafale m'zaka za m'ma 1920, nyimbo inkatchuka kudzera papepala: munthu ankagula manotsi n'kukaiimba yekha pa piyano kunyumba. "After the Ball" ya Charles K. Harris, ya 1892, inagulidwa makope mamiliyoni. Osindikiza anaunjikana mumsewu wa West 28th Street ku New York, malo otchedwa Tin Pan Alley, ndipo ankalemba achinyamata oti azikhalira kuliza piyano pokopa ogula. George Gershwin, yemwe anadzakhala wopeka nyimbo wotchuka, anayamba ntchito imeneyi mu 1914 ali ndi zaka 15.

Amene akatswiri amawalimbirana ndi makope osindikizidwa koyambirira, monga "Maple Leaf Rag" ya Scott Joplin yomwe John Stark anatulutsa ku Sedalia, Missouri, mu 1899. Chaka cholembedwa m'munsi mwa tsamba loyamba ndi cha umwini wa nyimboyo, osati chaka chimene pepala lanulo linasindikizidwa. Muonenso kukula kwake: akale kwambiri ndi aakuluakulu, ndipo anayamba kuchepa cha m'ma 1918 pomwe nkhondo yoyamba ya dziko lonse inachititsa kuti mapepala asowe.

Tsono za zithunzi zija. Inenso zimandiwawa: milomo yokokomeza dala, maso otong'oka, munthu wakuda atamusandutsa choseketsa. Komabe musatenthe. Mapepala amenewo ankakhala pabalaza m'nyumba za anthu olemekezeka, ana akuimba nawo, ndipo ndi umboni wooneka ndi maso wa mmene tsankho linkagulitsidwira m'sitolo. Chopweteka china n'chakuti ngakhale nyimbo zopekedwa ndi anthu akuda enieni nthawi zina ankaziveka zikuto zomwezo. Ngati simukuwafuna m'nyumba mwanu, kawapereke ku laibulale ya yunivesite.

Kuti mudziwe zomwe muli nazo, yerekezani ndi nyimbo zapapepala zomwe anasonkhanitsa Lester S. Levy, zomwe zimasungidwa ku Johns Hopkins University mumzinda wa Baltimore. Zilipo zoposa 29,000 ndipo zambiri zimaoneka pa intaneti kwaulere.

Pepala la nthawi imeneyo lili ndi asidi, n'chifukwa chake limafiira n'kumathetheka m'mphepete. Agonekeni chafufumimba m'bokosi, kutali ndi dzuwa ndi chinyontho, osati m'chipinda chapansi pa nyumba. Pong'ambika musamatepo selotepi, imasiya banga losachoka. Ndipo mukadzawabweretsa kumudzi, bokosilo lisakhale pansi kapena kutsamira khoma, chiswe sichichedwa.