Yankho pa za babu la tochi ikagwa pansi

Bambo, mwafunsa ngati babu limapirira tochi ikagwa, komanso ngati opanga amapereka lina. Mababu akale ali ndi kawaya kopyapyala ka chitsulo chotchedwa tungsten komwe kamaduka msanga, makamaka tochi ikagwa ili chiyakire, chifukwa kawayako kamakhala katafooka ndi kutentha. Matochi a mababu amakono otchedwa LED alibe kawaya kotere, ndipo akasiya kuyaka vuto limakhala kawirikawiri pa sipuling'i yogwira mabatire kapena poyatsira, choncho yambani mwayang'ana pamenepo.

Matochi akale a mtundu wotchedwa Maglite amabwera ndi babu lina losungidwa m'chitsekerero chakumbuyo. Koma kutumiza tochi kwa opanga kuchokera kuno ku Kasungu n'kodula kuposa kugula ina, motero sungani lisiti ndipo mukakambirane ndi amene anakugulitsani, ngakhale ogulitsa ambiri salandira katundu amene wawonongeka chifukwa chogwa.