Mkwatulo udzachitika liti? Yankho kwa mayi wa ku Domwe

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Domwe, kuno ku Angónia. Dzina lawo ndalisunga. Akuti amuna awo, chiyambire kumvera mlaliki wina pa WhatsApp, akukana kugula mbewu ndi feteleza chaka chino, ati mkwatulo wayandikira, ndiye kulimiranji chimanga choti adzadye otsala. Kutchalitchi kwawo amaphunzitsa kuti okhulupirira adzatengedwa chisautso chachikulu chisanayambe, pomwe apongozi awo, omwe ndi a Reformada, akuti chibadwire sanamvepo zotero paguwa. Mayiwa akufunsa kuti zoona ndi ziti, nanga mundawo auleke?

Mayi, ndiyambe ndi za munda, poti mvula sidikira kuti timalize kukambirana. Musauleke. Ku Tesalonika kunali Akhristu amene anasokonezeka mitima atamva kuti tsiku la Ambuye lafika kale, ndipo mumpingo womwewo munali ena ongokhala manja lende. Paulo m'kalata yake yachiwiri anawakhazika mtima pansi pa mutu 2, kenako pa 3:10 anawauza mosapita m'mbali kuti wosafuna kugwira ntchito asadyenso. Yesu mwini, pa Mateyu 24:36, anati tsikulo ndi nthawi yake palibe akudziwa, ngakhale angelo, koma Atate okha. Anthu akhala akuyesa kuwerengetsera. Otsatira William Miller ku America anadikira pa 22 Okutobala 1844, kunja kunacha ali pompo. Harold Camping analengeza pa wailesi za 21 Meyi 2011, ena mpaka anawononga chuma chawo pofalitsa uthengawo. Mu 2025 munthu wina wa ku South Africa anatchula 23 ndi 24 Sepitembala, nkhani inawanda m'mafoni, masikuwo anadutsa. Aliyense wokupatsani tsiku, kaya akulira polankhula, kaya akuti walota, wanena zoposa zimene Ambuye ananena.

Tsopano funso lanu lenileni. Mawu oti mkwatulo timawatenga pa 1 Atesalonika 4:16-17, pamene Paulo akuti Ambuye adzatsika ndi mfuu ndi lipenga la Mulungu, akufa mwa Khristu adzayamba kuuka, ndipo amoyo adzakwatulidwa nawo pamodzi m'mitambo kukakumana ndi Ambuye mumlengalenga. Pamenepa palibe Mkhristu amatsutsa. Akatolika a ku Lifidzi, a Reformada, a Adventisti, a Pentekoste, onse vesili amaliwerenga pamaliro. Pomwe timasiyana ndi pakuti zimenezi zidzachitika liti poyerekeza ndi chisautso chachikulu.

Chiphunzitso cha kutchalitchi kwanu chimati Yesu adzabwera kawiri: koyamba kudzatenga mpingo mwadzidzidzi, kenako padzadutsa zaka 7 za chisautso, ndiye adzabweranso poonekera kudzalamulira zaka 1,000 za pa Chivumbulutso 20. Zaka 7 amazipeza pa sabata lomaliza mwa masabata 70 a pa Danieli 9:24-27, powerenga tsiku lililonse ngati chaka. Amatsamira pa 1 Atesalonika 5:9, pomwe akuti Mulungu sanatiikire mkwiyo, ndi pa Chivumbulutso 3:10, lonjezo losunga mpingo wa ku Filadelfia pa nthawi ya kuyesedwa. Amene anachikonza m'dongosolo limeneli ndi John Nelson Darby wa gulu la Plymouth Brethren, cha m'ma 1830, ndipo chinafala kwambiri ndi Baibulo la ndemanga la Scofield lomwe linatuluka mu 1909. N'chifukwa chake apongozi anu sanachimvepo. Mipingo yakale, ya Katolika ndi ya Reformada, inatsata kwambiri kamvedwe konga ka Augustine, yemwe anamwalira mu 430: zaka 1,000 ndi chithunzi cha nyengo ino imene Khristu akulamulira, ndipo adzabwera kamodzi, akufa n'kuuka, chiweruzo n'kuchitika. Alipo ena apakatikati, amene amati mpingo udzatengedwa patatha zaka zitatu ndi theka, miyezi 42 ija ya m'Chivumbulutso. Amenewa ndi ochepa.

Ine, Mayi, ndili kumbali ya onena kuti kubwerako ndi kumodzi, ndipo mpingo udzadutsamo m'masautso. Pa Mateyu 24:29-31 Yesu akuti masautso a masiku amenewo akangotha, adzatuma angelo ndi lipenga lalikulu kukasonkhanitsa osankhidwa ake. Lipenga limeneli ndi la ku Atesalonika ndimaona kuti ndi limodzi, ndipo chinthu chochitika ndi mfuu ndi lipenga sindikuona kuti chingakhale cham'seri. Pa Yohane 17:15 anapempha Atate kuti asatichotse m'dziko, koma atisunge kwa woipayo.

Pali mawu amodzi amene amandigwira mtima. Pamene Paulo akuti "kukakumana ndi Ambuye", mawu a Chigiriki amene anagwiritsa ndi omwewo ali pa Machitidwe 28:15, pomwe abale a ku Roma anatuluka mumzinda kukakumana naye panjira, n'kubwerera naye limodzi. Alinso m'fanizo la anamwali khumi pa Mateyu 25:6. Ifeyo timati kuchingamira. Mukudziwa mmene zimakhalira abusa atsopano akamabwera pampingo: amayi avala yunifolomu, atuluka mpaka kumsewu waukulu, nyimbo ndi nthungululu, wina wayala chitenje pansi, wina walandira chikwama. Palibe amachingamira mlendo kuti apite naye komwe wachokera. Timamulandira panjira n'kulowa naye m'mudzi. Ndikawerenga vesi lija ndimaona zimenezi, anthu a Mulungu akuchingamira Mfumu yawo imene ikubwera kudzakhala.

Chinanso ndi cha kwathu kuno. Pa nthawi ya nkhondo yapachiweniweni ya kuno ku Mozambique ndinali mwana, ndipo tinathawira ku Dedza monga anachitira anthu ambiri a kuno. Ndimakumbukira agogo anga akazi atasenza mtolo, Baibulo lawo atalikulunga m'kachitenje kakale pamodzi ndi mchere, tikuyenda usiku osayatsa moto, ana atatsekedwa pakamwa kuti asalire. Anali munthu wopemphera kuposa aliyense amene ndamudziwa. Sanakwatulidwe. Anadutsamo, anaika ana awo awiri m'dziko la eni, ndipo mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992 anabwerera n'kuyambanso kuswa mphanje pamunda womwe unasanduka tchire. Ndimaopa kuti tikauza ana athu kuti Mkhristu weniweni adzathawitsidwa mavuto asanafike, tsiku lomwe mavuto adzawagwere adzaganiza kuti Mulungu wawasiya. Paulo ndi Barnaba polimbikitsa mipingo yatsopano anaiuza kuti tiyenera kulowa mu Ufumu wa Mulungu ndi zisautso zambiri. Zili pa Machitidwe 14:22.

Komabe musatenge mawu angawa kukanyoza nawo abusa anu. Ndapempherapo ndi anthu okhulupirira mkwatulo wa chisautso chisanafike, ena ndi omwe anayamba kufika ndi ufa ndi zofunda pamene namondwe Ana anagumula mlatho wa pa Revúbuè mu Januwale 2022. Amakonda Ambuye, ndipo mavesi awo ndi a m'Baibulo lomweli. Masiku amenewo ambiri ankati basi dziko latha, koma pa Mateyu 24:6-8 Yesu anati nkhondo, njala ndi zivomezi ndi chiyambi chabe cha zowawa, tisaope.

Amuna anu musawayambe ndi mkangano wa mavesi, chifukwa munthu wogwidwa ndi mantha sagonja ndi kukuwa. Dikirani madzulo atadya, muwapemphe kuti muwerengere limodzi Mateyu 24:40-46. Adzaona okha kuti amuna awiri aja Ambuye adzawapeza ali kumunda, amayi awiri aja ali pamphero, ndipo kapolo wodala ndi amene mbuye wake adzam'peza akupatsa a m'nyumba chakudya pa nthawi yake. Zikakanika, pitani kwa ankhoswe kapena kwa mkulu wa mpingo amene iwo amamulemekeza, mwezi uno usanathe, mizere isanachedwe. Mundilemberenso mundiuze mmene zayendera. Ine ndi akunyumba tikukupemphererani.