Funsani wokonza mafoni: Foni yopirira matope, ya batire lochotsa

FUNSO: Zikomo akulu. Ine ndimagwira ntchito ndi gulu lokumba mijigo. Timanyamuka ku Dzivarasekwa, mumzinda wa Harare ku Zimbabwe, Lolemba mbandakucha, nthawi zina kukathera ku Goromonzi kapena ku Mutoko, n'kubwera Lachisanu. Chaka chino chokha mafoni awiri andifera. Ina inagwera m'matope a pamjigo, inayo inasweka galasi itagwa kuchokera pa lole. Kutchireko potchajira ndi povuta, ndipo abwana akandisowa pa foni amakalipa. Mnzanga akuti kuli mafoni olimba a batire lochotsa ngati akale aja. Kodi alipodi? Nanga ndiwonongerepo ndalama?
Wokumba mijigo, Dzivarasekwa

YANKHO: Achimwene, mnzanuyo sananame. Alipo, koma ndi owerengeka, ndipo mukalowa m'tauni osadziwa dzina lake mudzatuluka ndi china chake.

Amene ndimawadziwa bwino ndi a Samsung otchedwa Galaxy XCover. XCover 5 inatuluka mu 2021 ndi batire la 3000 mAh (mAh ndi muyeso wa moto umene batire limasunga), XCover 6 Pro mu 2022, ndipo XCover 7 mu 2024, ziwirizi zili ndi batire la 4050 mAh. Onsewa mumangolowetsa chikhadabo pakampata ka m'mbali, chivundikiro n'kutseguka, batire n'kutuluka, monga tinkachitira ndi Nokia 3310 tili anyamata. Galasi lake mungalitchere kuti lizimva ngakhale mutavala magolovesi, ndipo pambali pali batani lomwe mungaliuze ntchito nokha, kaya kuyatsa tochi. Kwa munthu amene manja ake amakhala a girisi tsiku lonse, kabatani kameneko si kachabe.

Palinso Fairphone 5 ya ku Netherlands. Batire lake limachoka, inde, koma siinapangidwire kugwa pa lole. Isiyeni.

Tsono chenjerani ndi zimafoni zikuluzikulu zokutidwa ndi mphira, za makona onenepa, zija zimadzaza m'magalasi a m'mashopu. Zambiri za Blackview, Ulefone ndi Oukitel ndi zolimba ndithu, ndipo zina zili ndi batire lopitirira 10,000 mAh, koma batirelo ndi lotsekeredwa mkati. Ngakhale mafoni ambiri a CAT omwe anatchuka pakati pa omanga nyumba anali otero, ndipo kampani yomwe inkawapanga, Bullitt ya ku Britain, inatseka kumayambiriro kwa 2024. Kuli zinanso zopanda dzina lodziwika zomwe zimangovala mphira kuti zioneke zaukali. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Wogulitsa akakuuzani kuti batire limachoka, muuzeni alichotse inu mukuona.

Pa bokosi mudzaona zilembo ziwiri, IP68 ndi MIL-STD-810H. Chachiwiricho ndi mayeso a asilikali a ku America, okhudza kugwa, kutentha ndi kugwedezeka. Chikutanthauza kuti foniyo inayesedwa, osati kuti singasweke. Galasi ndi galasi basi, likagwera chafufumimba pamwala wosongoka limang'aluka, choncho kagalasi koteteza kaja muikebe. Koma pomwe ndikufuna tikhalitsepo ndi pa IP68. Nambala 6 ikunena kuti fumbi sililowa. Nambala 8 ikunena za madzi, ndipo a Samsung amati XCover imapirira mita imodzi ndi theka kwa mphindi 30. Madzi akewo ndi oyera, odekha, ngati a m'ndowa. Inu mukudziwa kuposa ine momwe madzi amatulukira pamjigo kompuresa ikamaphulitsa, amabwera ndi mphamvu, osakanikirana ndi mchenga. Amenewo sali m'pangano.

Ndipo pangano lonselo lagona pa kachingwe kamphira kopyapyala kozungulira mkati mwa chivundikiro. Mwezi wathawu kunabwera bambo wina woyang'anira antchito pa famu ina chakumpoto kuno, foni yake yamtundu wolimba womwewu itazima. Ankalumbira kuti anamunamiza. Nditatsegula ndinapeza kapepala koyera kamkati, kaja kamatiuza ngati mwalowa madzi, katasanduka kofiira. Ndinayendetsa chala pamphira paja, ndipo pakona yakumunsi panali timchenga titatu tofiira, tating'ono ngati njere za therere lobala. Bamboyo anasintha batire ali pakati pa munda, manja ali afumbi, n'kutseka mwachangu. Madzulo mvula inamupeza panjira. Foni inalibe mlandu.

Ndiye lamulo langa kwa inu ndi ili. Batire muzisinthira m'kabini ya lole, mutatseka chitseko, mutasamba ndi kupukuta m'manja. Muyambe mwazimitsa foni. Mupukute mphira ndi kansalu kouma, ndipo potseka mudine ndi chala chachikulu mbali zonse mpaka kulira kwa "tha, tha" kutatha. Kenako muyang'ane m'mbali mwake powala. Pakaoneka kampata, ngakhale kolowa tsitsi, mutsegule n'kuyambiranso. Chivundikiro chikapindika kapena mphira ikaduka, mugule china, osamata ndi guluu.

Za moto tsopano, ndisakunamizeni. Batire la 4050 mAh ndi laling'ono kuyerekeza ndi 5000 mAh yomwe ili m'mafoni wamba ambiri masiku ano, ndipo kumene netiweki ili yofooka foni imadya moto kwambiri pofunafuna nsanja ya netiweki. Batire limodzi silingakufikitseni Lachisanu. Awiri, kuphatikiza chaja ya m'galimoto, angathe. Lamlungu usiku magetsi akabwera mutchaje loyamba, musinthe, mutchajenso lachiwiri. Wina anganene kuti pawabanki ndi yotsika mtengo, ndipo akunena zoona. Kungoti pawabanki imafuna chingwe cholendewera ndi maola angapo, pomwe inu muli pamwamba pa makina. Kusintha batire ndi mphindi imodzi.

Batire lapaderalo musaliponye m'thumba limodzi ndi makiyi, makobidi kapena mabawuti. Chitsulo chikakhudza timano take tagolide tija chimatha kulitenthetsa mpaka kuyaka. Mulikulunge m'kapulasitiki kouma, ndipo musalisiye pa dashibodi padzuwa la mu Okutobala. Pogula, mugule kaye batire lachiwirilo tsiku lomwelo, m'shopu yomweyo, ndipo muliyese pomwepo. Ine ndinapsapo ndi batire lachinyengo lomwe ndinagula pashopu ina m'tauni muno. Chizindikiro chinali chokongola, koma m'manja linali lopepuka, ndipo silinathe masabata atatu.

Muwonongerepo ndalama? Kwa ntchito yanuyo, eya. Mwataya kale mafoni awiri chaka chimodzi. Phindu lina mudzaliona pakatha zaka ziwiri kapena zitatu, batire likatopa monga amatopera onse. Anzanu adzabwera patebulo langa kuti ndiwotche guluu ndi kutsegula foni, inu mudzangogula batire n'kuika nokha. Apatu ndikudzidulira ndekha malonda. Ku Ulaya anakhazikitsa lamulo mu 2023 lofuna kuti kuyambira mu 2027 mabatire a zipangizo zambiri azitha kusinthidwa ndi eni ake, ndiye mwina mafoni otere adzachuluka. Koma mijigo yanu sidikira 2027.

FUNSO: Bambo, ine ndimagulitsa tomato pamsika wa Mbare Musika ku Harare. Foni yanga yatukumuka kumsana, chivundikiro sichikutsekeka bwino, koma ikugwirabe ntchito. Ndaimanga ndi labala. Ndipitirize?
Mayi wa tomato, Mbare

YANKHO: Ayi mayi, chotsani labalayo lero lomwe. Chatupacho ndi batire, ladzaza mpweya mkati, ndipo kulifinya kapena kulitchaja ndi kuputa moto. Ngati ndi lochotsa, zimitsani foni, litulutseni pang'onopang'ono osaliboola, muliike m'chitini chopanda kanthu, timano take tisakhudze chitsulo, panja pamthunzi, kutali ndi makatoni ndi ana. Ngati ndi lotsekeredwa mkati, musalimbane nalo ndi mpeni, pitani nayo kwa wokonza ili chizimire. Za ndalama zanu za pa foni za EcoCash musade nkhawa, zili pa nambala yanu, osati m'foni. Tulutsani simu khadi, muike m'kafoni kamabatani kongobwereka, mawa mugulitse tomato wanu monga mwa masiku onse.