Gold Reef City pa holide: ine ndinakhala pansi pakati pa anthu

Asisi, ndawerenga zanu zopita ndi ana ku Gold Reef City, paki ija ya masewera okwera kuno ku Joni, pa 26 Disembala pomwe pagulu mtima umakuthamangani, ndipo wanganso wayamba kugunda ndili pabedi pano. Musawamvere awa akukuuzani kuti "ingolimbani mtima" ndi "pempherani basi". Kupemphera timapemphera tonse. Ine ndinayamba kupemphera ndili pageti, koma ndinakhalabe pansi pa simenti yonyowa, anthu akundilumpha ngati thumba la makala.

Kwa ine linali tsiku la 16 Disembala, holide ija ya Day of Reconciliation. Mukudziwa mmene kumakhalira kuno nthawi imeneyo, masukulu atseka, makontilakita atseka, aliyense bonasi ili m'thumba ndipo aliyense waganiza zofanana, kutengera ana kumalo amodzimodzi. Bambo a kunyumba anali pa ntchito, ndiye amene anatsogolera ulendo ndi alamu anga, akulu awo. Tinapangana kunyamuka 8 koloko. Ife timakhala ku Rosettenville, ku Ormonde komwe kuli pakiyo ndi pafupi, si ulendo woti munthu n'kunyamulira kamba. Alamu anatulukira cha m'ma 11, atavala magalasi akuda, ali ndi chibwenzi chawo chatsopano chomwe palibe anatiuza kuti chikubwera. Tinakwana anthu 9. Pofika pageti mzere unali utapinda kale kawiri, dzuwa lili pamutu, ana ayamba kale kulira ludzu.

Ndiyambe ndanena komwe zinachokera, chifukwa abale ambiri amaganiza kuti ndi matama. Pa 6 Julaye 2017 ndinali ku Lilongwe, kunja kwa Bingu National Stadium, tsiku la masewero a Bullets ndi Silver. Mukukumbukira, anthu 8 anafa pa kupondana kuja, 7 mwa iwo anali ana. Ine sindinavulale, ndinali chakumbuyo ndipo ndinathawa. Koma phokoso lija la anthu ambiri akamakuwa nthawi imodzi, ndi kumva chifuwa cha munthu wosamudziwa chikukukankha pamsana, zinandikhala m'thupi. Kuyambira pamenepo ngakhale pa Park Station kapena pa renki ya MTN madzulo ndimayenda m'mbali mwa khoma. Alamu ankadziwa zimenezi. Ndinawauza m'galimoto, ndinabwerezanso pageti. Anangoti, "Alamu inu, lero ndi tsiku losangalala, zimenezo zisiyeni ku Malawi."

Titangolowa anatolera mafoni a tonse n'kuika m'chikwama chawo, ati angagwe tikakwera Anaconda, ija umakhala miyendo ili lende m'malere. Ine Anaconda sindinkafuna n'komwe kukwera, koma ndinapereka foni, ndi kachikwama kanga ka ndalama komwe. Ulemu wa pachilamu umenewo. Tinagwirizananso kuti wina akasochera tikakumane pa chiwilo chachikulu chija chozungulira, poti chimaoneka patali. Mumve bwino pamenepa, pulani inalipo.

Maola awiri oyamba ndinapirira. Malowo ndi okongola, sindinama. Anawamanga pa mgodi wakale wa golide, shafiti nambala 14 ya Crown Mines yomwe inatsekedwa mu 1971, ndipo tinyumba take anatimanga ngati Joni wakale wa nthawi ya migodi. Ndinkangoganiza za agogo anga aamuna omwe anabwera kuno pa Wenela kudzalowa pansi kuti apeze ndalama, lero zidzukulu tikulipira ndalama kuti Tower of Terror itigwetse chamutu m'dzenje. Koma chovuta chake n'chakuti kulikonse kumene uli ukumva anthu akukuwa. Akukuwa mosangalala, inde, koma thupi langa silisiyanitsa. Likamva kukuwa limati kwaopsa, thawa.

Cha m'ma 3 tinali pa mzere wa ma boti a m'madzi aja, ine ndi kamnyamata kanga ka zaka 5, mtsikana wanga wa zaka 9 ali kutsogolo ndi asuweni ake. Mizere yake mukuidziwa, zitsulo uku ndi uku, kupinda ngati njira ya ng'ombe ku dibi. Kutsogolo anthu, kumbuyo anthu, potulukira palibe pokhapokha udumphe chitsulo. Ndinayamba kumva kutentha kumakutu. Ndinati ndi dzuwa. Kenako kumwamba kunada bii, mvula ija ya Joni ya masana m'chilimwe, yobwera ngati yatumidwa. Chiphaliwali ng'ani, bingu phwaa, makina anaimitsidwa, ndiye anthu onse, mazanamazana, anatembenuka nthawi imodzi kuthamangira pansi pa denga.

Abale anga, apa ndiye pamene ndinathera. Munthu wina wamkulu thupi anandigunda paphewa, pulema ya mwana inandiponda chala, ndipo dzanja la mwana wanga linapulumuka m'dzanja langa. Ndinamva kupulumuka kwake, tizala tija tikutsetsereka. Basi ndinali ku Bingu. Sindikunena mophiphiritsa, ndinkamva fungo la fumbi la ku Lilongwe pomwe mvula ikugwa. Ndinafuna kukuwa dzina la mwana, mawu osatuluka, pakhosi pali ngati wina wandikanyanga. Mtima gu gu gu mpaka m'mano. Mpweya ndikukoka koma sukufika pansi, ukungothera pa mmero, ndiye ndikukoka msangamsanga ngati galu wothamangitsidwa. Milomo inachita dzanzi. Zala zanga zinayamba kupindika zokha, kuuma gwa, osatheka kuziwongola, ndipo nditaziona ndinati basi ndi sitiroko iyi, ndikufera ku Joni, maliro anga adzasonkhera pa gulu lomweli kuti akwere galimoto kudutsa pa Beitbridge mpaka ku Dedza. Zoona, ndinaganiza zimenezo, mpaka mtengo wa bokosi. Maso anayamba kuona ngati ndikusuzumira mu paipi, m'mbali monse mdima. Chiwilo chija tinapangana chinali apo, ndikuchiona, koma miyendo inali ngati ya munthu wina. Ndinangokhala pansi. Madzi akuyenda pansi panga, diresi lonse nyowe, anthu akundizungulira, ena akundilumpha, mwana wina akundiloza.

Ndiye alamu anafika. Mukuganiza anachita chiyani? Anatulutsa foni. Osati yanga kuti ndiimbire bambo a kunyumba, ayi, yawo, n'kuyamba kujambula akuseka. "Alamu dzukani, mukutichititsa manyazi, anthu aziti Amalawi sitinazolowere za m'tauni." Chibwenzi chija chikuti mwina ndi mimba, mwina ndi njala. Ine ndikulephera kunena kuti mwana wanga wasowa, ndikungoloza uku ndi uku ndi zala zopindika zija, iwo akuseka ngati ndikuchita sewero.

Amene anandithandiza ndi mayi wina wosesa pamalopo, wachikulire ndithu, sindimudziwa dzina mpaka lero. Anaika tsache lake pansi, anagwada m'madzi momwemo, anandigwira nkhope ndi manja awiri n'kumati "phefumula sisi, phefumula", iye akutulutsa mpweya pang'onopang'ono kuti ndizimutsanzira. Sanandifunse mafunso. Anauza alamu mawu awiri atatu m'Chizulu omwe sindinawamve koma foni inalowa m'thumba nthawi yomweyo. Kenako anatembenuza mutu wanga kuti ndione kumbuyo. Mwana wanga anali pomwepo. Nthawi yonseyi anali atagwira diresi langa kumbuyo ndi manja onse awiri, sanachokepo ngakhale phazi limodzi, akungondiyang'ana ali zii, mvula ikumuyenderera kumaso. Ndinkamufuna kutsogolo ndi m'mbali pomwe iye ali pamsana panga. Ndikakumbukira nkhope yake ija ndi pamene ndimalira, osati zina zonsezo.

Mayi uja anatitengera kuseri kwa kanyumba kena kopanda anthu, ndinakhala pa benchi mwina mphindi 20, zala zinawongoka, kenako kunjenjemera ndi kutopa ngati ndalima ekala yonse.

Koma alamu sanathere pomwepo. Usiku womwewo vidiyo inali pa gulu la WhatsApp la banja, mpaka kumudzi anaiona. Apongozi kuimba foni kufunsa ngati ndili ndi mizimu, ati andipezere munthu. Azakhali ena ati ndi kunyada, ndinkafuna kuti anthu andione. Bambo a kunyumba anawalankhula akulu awo koma mwa ulemu womwe uja wathu, "achimwene mwina mukanaichotsa", ndipo anaichotsa patatha masiku atatu aliyense ataisunga kale. Mpaka lero sanapepese. Pa Khirisimasi anandifunsa pamaso pa alendo ngati ndingathe kupirira pa mzere wa chakudya. Ndinawapatsa nsima, ndiwo ndinawapatsa khosi la nkhuku. Mulungu andikhululukire.

Mu Januwale ndinapita ku kiliniki poganiza kuti ndi BP kapena mtima. Anandiyeza zonse zili bwino. Sisitala wake ndi amene anandimasulira kuti imeneyi ndi panic attack. Thupi limaganiza kuti pali ngozi, limatulutsa adrenaline, mtima umathamanga kuti uthawe. Ukamapuma mofulumira umataya mpweya wa carbon dioxide wambiri kuposa mlingo wake, n'chifukwa chake milomo imachita dzanzi, mutu umazungulira, zala zimapindika. Nthawi zambiri chimafika pachimake mkati mwa mphindi 10 kenako chimayamba kutsika chokha, ndipo pachokha sichipha. Kungodziwa zimenezo kunandichotsera theka la mantha, chifukwa chomwe chinkandiopsa kwambiri n'choti ndikufa. Komabe inu ngati simunayezetsepo, kayezetseni kaye, musangotengera zanga, kupweteka kwa pachifuwa si kosewera nako. Kulinso a SADAG kuno ku South Africa, amathandiza pa foni anthu a nkhawa ndi mantha otere, nambala yawo ili pa intaneti.

Ndiye malangizo anga, asisi, pa 26 musapite. Tsiku limenelo ndi loipa kuposa langa lija, aliyense watopa ndi kukhala m'nyumba pa Khirisimasi. Dikirani masukulu atsegule mu Januwale, muone pa intaneti masiku omwe amatsegula, mupite mpata ulipo. Ana sadziwa kalendala, amangodziwa kuti anakwera.

Koma ngati matikiti mwagula kale ndipo ana mwawalonjeza, pitani, musabwerere m'mbuyo. Sisitala uja anandiuza kuti ukamathawa malo aliwonse okuopsa mantha amakula, lero ndi paki, mawa ndi Shoprite, mkuja ndi tchalitchi, ndipo ndaona kuti n'zoona ngakhale ineyo ku Gold Reef sindinabwerereko. Mufike asanatsegule, mukwere zazikulu m'mawa anthu asanadzaze, ikamakwana 1 koloko mukhale mutadya ndipo mukuyang'ana kumwamba. Mitambo ikayamba kuda musadikire bingu, pitani pansi pa denga anthu asanayambe kuthamanga, kapena tulukani ndithu. Mukangolowa yang'anani malo a phee, kuseri kwa tinyumba, pafupi ndi a first aid, muwasunge m'mutu. Mzere wa zitsulo wautali musalowe, alowe wina ndi ana inu mudikire potulukira. Foni, ndalama, madzi, zikhale pa thupi panu, musapatse munthu ngakhale akhale abusa. Mudye m'mawa, khofi ndi zakumwa zija za mphamvu muzisiye tsiku limenelo, zimangothamangitsa mtima.

Malo okumanirana mupangane, ndi bwino, ngakhale kwa ine sanandithandize kanthu poti miyendo inakana. Chomwe chingathandize n'kulemba nambala yanu pa dzanja la mwana ndi cholembera chosafufutika, ndi kumuuza kuti amayi akakhala pansi usaope, ungogwira chovala. Wanga palibe anamuuza koma anachita yekha.

Chikayamba, musalimbane nacho ndipo musathamange. Tsamirani khoma kapena khalani pansi, manyazi alibe ntchito. Kokani mpweya ndi mphuno pang'ono, tulutsani ndi pakamwa motalikitsa ngati mukuuzira phala la mwana, kutulutsako kutalike kuposa kukoka. Werengani zinthu zofiira zomwe mukuziona, gwirani botolo lozizira pakhosi. Ndikulemba izi ngati n'zophweka koma tsiku lija sindikanakumbukira ngakhale chimodzi, anandikumbutsa kupuma ndi munthu wina. Ndiye mupite ndi munthu mmodzi amene mwamuuza zonse ndipo sadzaseka. Osati gulu, gulu ndi limene linandipweteka ine. Kapena mupite ndi anthu ambiri ndithu kuti ana akhale ndi owayang'anira inu mukafuna kupuma, kaya, inu mukuwadziwa anthu anu. Bola asakhale alamu anga. Ngati mulibe woti akuperekezeni ndilembereni ku inbox, ndikhoza kudzakudikirani panja pafupi ndi Apartheid Museum ndi botolo la madzi, koma mkati sindilowa.