Golide wosaka khansa ndi chitenje cha amayi anga aang'ono

Mayi wina wa ku Matero wandilembera imelo kufunsa ngati n'zoona kuti tizidutswa ta golide timaonetsa khansa, komanso ngati mng'ono wawo angathandizidwe nato kuno ku Lusaka. Imeloyo ndinaiwerenga kawiri, chifukwa inandikumbutsa amayi anga aang'ono.

Iwo ankagulitsa kapenta pamsika wa Soweto, ndipo anataya magazi pafupifupi chaka chathunthu osauza munthu, poti ankati zoterozo sizikambidwa kwa ana. Mpaka lero ndimaona m'maso mwanga chitenje chimene ankachipinda kanayi n'kuchiyala pampando asanakhalepo. Pamene tinkawatengera kuchipatala, khansa ya khomo la chiberekero inali itafalikira kale, ndipo tinawaika m'manda mvula isanayambe.

Za golideyo n'zoona. Tizidutswato n'tochepa moti toposa 1,000 tingathe kundandalikana m'mimba mwa tsitsi limodzi, komabe kuwala kukatigunda timakumwaza mwamphamvu. Mu 2005 gulu la Mostafa El-Sayed wa ku yunivesite ya Georgia Tech ku America linamata pa tizidutswato ma antibody (asilikali oteteza thupi) ogwira puloteni yotchedwa EGFR, imene imachuluka pa maselo ena a khansa. Ataunika pa maikulosikopu, maselo a khansa ya m'kamwa ananyezimira kuposa maselo abwino, chifukwa golide anaunjikana pa iwo. Ku yunivesite ya Rice, ku America komweko, mu 2003, ofufuza anatenthetsa tizidutswa tokutidwa ndi golide pogwiritsa ntchito kuwala kwa infrared, komwe maso sakuona, n'kuwononga zotupa m'thupi la mbewa.

Koma zimenezi zinachitika m'malabotale ndi pa mbewa, ndipo mtima umandiwawa ndikaona anthu pa Facebook akugulitsa timabotolo ta madzi amene akuti muli golide wochiza. Amenewo ndi akuba, ndipo amabera munthu amene wagulitsa kale mbuzi ndi wailesi. Ifenso tinagula mankhwala a m'botolo kwa munthu wina wolankhula mokoma, n'kutaya miyezi iwiri imene sitinaipezenso.

Yankho langa kwa inu, mayi

Musadikire golideyo. Mng'ono wanuyo apite kukiliniki ya boma sabata ino. Ngati akukayikira khansa ya khomo la chiberekero, anamwino amapaka viniga pakhomo la chiberekerolo, ndipo malo okayikitsa amasanduka oyera. Akapeza vuto lalikulu amamutumiza ku chipatala cha khansa cha Cancer Diseases Hospital, pafupi ndi chipatala chachikulu cha UTH. Mumuperekeze, asapite yekha.