Akakupemphani chithunzi cha ndege, musangoti "tengani"

Achimwene, funso lanu ndalimva. Kampani yogulitsa matikiti a ndege yakulemberani kuti ikufuna chithunzi chanu cha Boeing 787 ikutera, iike pa tsamba lake la pa intaneti, ndipo yalonjeza kulemba dzina lanu m'munsi mwake. Mukufunsa ngati muvomere.

Musavomere kaye, komanso musakane. Chithunzicho ndi chanu kuyambira pomwe munadina batani la kamera. Simufunika kukachilembetsa kulikonse, ndipo zoti mumajambula pongokonda ndege sizichepetsa umwini wanu. Pangano la Berne, lomwe linayamba mu 1886 ndipo muli mayiko oposa 180, limateteza wojambula chonchi. Kuchiika pa masamba a zithunzi za ndege monga JetPhotos ndi Airliners.net, kapena pa Facebook, sikutanthauza kuti mwachigawa kwa aliyense wodutsa.

Ine ndinapsa nazo. Tsiku lina ndinaima pampanda wa bwalo la ndege maola atatu, dzuwa lili pamutu, kudikira ndege imodzi. Inabwera madzulo, kuwala kukumenya m'mbali mwake, matayala akungogunda pansi utsi n'kufuka. Munthu wina atandipempha chithunzicho ndinangoyankha kuti palibe vuto. Patatha miyezi ndinachipeza pa chikalata chotsatsa malonda, atadula m'munsi momwe munali dzina langa, atamatapo chizindikiro chawo. Nditadandaula anangonditumizira uthenga wanga womwe uja. Zinandiwawa kwambiri, koma mawu ndinali nditapereka ndekha, opanda malire.

Ndiye afunseni polemba, pa imelo, osati pafoni: chikaikidwa pati, kwa nthawi yaitali bwanji, ndipo chikagwira ntchito yopezera ndalama kapena ayi? Akayankha, chilolezo chanu chitchule chithunzicho ndi nambala yolembedwa pathupi la ndegeyo, tsamba lomwe chikakhale, tsiku lomwe chilolezo chikutha, ndi momwe dzina lanu lilembedwere. Muonjezere kuti asachidule, asachisinthe, asachipereke kwa wina, ndiponso kuti inu mukhoza kulolanso anthu ena kuchigwiritsa ntchito. Mizere isanu yakwana.

Za ndalama, yang'anani amene akupempha. Mwana wasukulu, woyendetsa ndege amene akufuna chikumbutso cha ndege yomwe anaphunzirirapo, kapena gulu losunga mbiri ya ndege zakale, ine ndimawapatsa ulere ndi mtima wonse. Koma kampani yanuyi ikufuna kukopa makasitomala ndi thukuta lanu. Kulemba dzina ndi udindo wawo kale, si malipiro. Afunseni kuti anakonza zingati, ndipo akati alibe, muli ndi ufulu kunena mwaulemu kuti ayi. Muwakumbutsenso kuti pandegeyo pali dzina ndi chizindikiro cha eni ake. Ngati akufuna kutsatsira malonda, chilolezo cha mbali imeneyo akachipeze okha.

Wina m'gulu muno wanena za Creative Commons, malaisensi okonzedwa kale omwe amalola aliyense kugwiritsa ntchito chithunzi popanda kukupemphani, bola atsate malamulo ake. Ndi njira yabwino, yakhalapo kuyambira 2002, koma muimvetse musanaisankhe. Laisensi yake yotchedwa CC BY imalola aliyense, ngakhale wamalonda, bola atchule dzina lanu. Yokhala ndi zilembo za NC imaletsa malonda, ndipo n'chifukwa chake Wikimedia Commons, nkhokwe ya zithunzi ya Wikipedia, siilandira. Chachikulu n'chakuti laisensi imeneyi sibwezedwa: amene anatenga chithunzi pansi pake apitiriza kuchigwiritsa ntchito ngakhale inu mutasintha maganizo mawa.

Palinso tsiku lomwe ambiri sitilikonzekera. Ndege ikachita ngozi, atolankhani amasaka zithunzi zakale za ndege yomweyo potsata nambala yake. Ndege ya Malaysia Airlines ya ulendo wa MH370 itasowa pa 8 Malichi 2014, zithunzi za ndegeyo, yomwe nambala yake inali 9M-MRO, zomwe anajambula anthu wamba ngati ife zinafalikira dziko lonse. Uthenga umabwera usiku, wopempha ali pachangu, inunso mtima uli m'mwamba poganizira anthu omwe anali m'ndegemo. Ganizirani lero lomwe zomwe mudzayankhe, kaya kugulitsa, kupereka ulere kapena kukana, kuti changu chawo chisadzakusankhireni.

Kampani yanuyo mukagwirizana nayo, itumizireni chithunzi chaching'ono chongokwanira pa tsamba lawo. Fayilo ya RAW, yomwe ndi chithunzi choyambirira monga chinatulukira m'kamera, isachoke m'manja mwanu, chifukwa tsiku la mkangano ndiyo idzachitire umboni kuti munajambula ndinu. Akayankha mafunso aja, bwerani nawo muno tiwaonere limodzi musanavomere.