Giyabokosi musaichotse, achimwene

Achimwene, poti mukufuna pikapu yakaleyo iziyendera mabatire, giyabokosi isiyeni momwemo, mota yamagetsi imangidwe pa iyo ndi adapter plate, chitsulo cholumikizira ziwirizi. Giya yachiwiri ndi yachitatu zimakwanira pa ulendo wamba. Koma plate imeneyo akupangireni katswiri wa makina, chifukwa shafti ya mota ikapendekeka ngakhale pang'ono chabe, mabelingi amadyeka msanga ndipo galimoto imanjenjemera.

Chimene ambiri amaiwala ndi mabuleki. Injini ikachoka, vacuum (mphamvu yokoka mpweya) yofewetsa pedulo imapita nayo limodzi. Ikani pampu ya vacuum yamagetsi ya 12V, apo ayi pedulo imangolimba gwa! Mabatire akhale pansi pa bodi, pakati pa zitsulo za chasisi.

Mawaya a mabatirewo, kaya ndi 144V, musawagwire nokha. Itanani wodziwa magetsi a galimoto zotere.